Andiitana kukakhala mlendo wolemekezeka kumudzi koma sindingathe, ndikane bwanji?

Funso: Ndine mayi wa ana atatu. Ndimagwira ntchito ku Blantyre koma kwathu ndi ku Dowa, kufupi ndi Mponela. Amayi a Chigwirizano a kutchalitchi komwe ndinabatizidwira andilembera kalata kuti ndikakhale mlendo wolemekezeka pa Paper Sunday yawo mwezi wa Okutobala. Akufuna kugula malata a nyumba ya abusa. Kalatayo yadzera kwa azakhali anga, omwe ali m'komiti. Zoona zake n'zakuti sindingakwanitse. Ndangolipira kumene fizi ya ana awiri, ndipo Loweruka la sabata imeneyo ndili pa ntchito. Patha milungu iwiri azakhali akuimba ine osayankha, chifukwa ndikusowa ponena. Ndikane bwanji osaoneka wonyada?

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi chimene chikufulumira. Aimbireni azakhali anu lero lomwe, musadikire kuti muyambe mwapeza mawu okoma. Milungu iwiri imene mwakhala chete ija, kumudzi sikunali chete. Ena m'komitimo akuti mwavomera, poti mukanakhala kuti simubwera mukananena. Ena ayamba kale kunong'onezana kuti mwana wa uje tauni yamulowa. Pakati pa anthu amenewa pali azakhali anu, amene nthawi iliyonse akakumana ndi amayi anzawo akufunsidwa kuti, "Nanga mwana wanu uja wati bwanji?" iwo n'kumasowa choyankha. Mukuopa kuwakhumudwitsa, koma chimene chikuwapweteka panopa ndi foni yosayankhidwayo.

Ndakhala ndikuyendetsa miyambo kwa zaka zambiri, maukwati, zinkhoswe, ma bridal shower ndi misonkhano yosonkhetsa ndalama za mpingo, ndipo m'makomiti ndakhalamo ambiri. Choncho nkhani yanuyi ndimaionera kumbali ya oitana. Ndikuuzeni zimene ndinaona chaka china pa tchalitchi china cha kumudzi.

Mlendo wolemekezeka anali bambo wina wa mumzinda, amene atalandira kalata anayankha kuti, "Musadandaule, tiyesetsa." Tsiku litakwana amayi anadzuka m'bandakucha. Anapha nkhuku ziwiri, mpunga anachita kukagula wa Kilombero. Anabwereka sofa kwa aphunzitsi aakulu, anyamata n'kuinyamula pamutu mpaka kutsogolo kwa tchalitchi, amayi n'kuyalapo nsalu yoyera yoluka. Kamtsikana kena anakaveka diresi latsopano kuti kakapereke maluwa. Mwambo unayenera kuyamba 10 koloko. Pofika 12 koloko kwaya inali itabwereza nyimbo zake zonse kawiri, kamtsikana kaja katagona pamiyendo pa amake maluwa atafota m'manja, mlembi wa komiti ali pamwamba pa chulu kuseri kwa tchalitchi, pomwe pamagwira netiweki, akuimba nambala yozimitsa. Tinayamba 1 koloko sofa ili yopanda munthu. Chimene sindiiwala ndi nkhope ya mkulu wa mpingo amene anakapereka kalata ija, yemwenso anali mbale wake wa bamboyo. Tsiku lonse sanadzutse mutu. Nsima anakana.

Patapita masiku tinamva kuti bamboyo analibe ndalama, basi. Sanadwale, galimoto sinawonongeke. Anachita manyazi kunena. Akanalankhula milungu itatu m'mbuyomo, komiti ikanapeza munthu wina, ndipo palibe akanamusungira chakukhosi. Kwa ife okonza miyambo, ayi wobwera msanga ndi thandizo lalikulu, chifukwa tili ndi dzina lachiwiri ndi lachitatu pa pepala, tikungodikira yankho lanu kuti tidziwe kolowera. Chimene chimatipha ndi eya amene mwini wake akudziwa mumtima kuti ndi ayi.

Tsopano tiyeni tiiunike bwino kalata mwalandirayo, chifukwa ikupempha zinthu zingapo nthawi imodzi. Pa Paper Sunday mlendo wolemekezeka saitanidwa kuti adzangokhala pa mpando wabwino. Dzina la tsikulo likunena kale: ndi Lamulungu la ndalama zamapepala, osati zachitsulo. Mlendo ndiye amatsegula chopereka, ndipo zimene waponya iye ndi zimene zimakoka ena. Komiti ikamalemba dzina lanu imakhala itawerengera kale, ngakhale mosanena, kuti malata angati achokera kwa inu. Ndiye akukupemphani kuti mubwere, kuti mulankhule, komanso kuti mupereke ndalama yooneka. Pamwamba pake pali ulendo. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Mponela ndi makilomita opitirira 300, kudutsa Zalewa, Ntcheu, Dedza ndi Lilongwe, ulendo wa tsiku lathunthu. Ndipo kumudzi sitilowa chimanjamanja, pafunika shuga, sopo, mafuta ophikira, kenanso ka agogo. Chichokereni pomwe kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wogwira ntchito yolandira pamwezi akudziwa mmene zinthu zimenezi zikulemerera. Palibe chochititsa manyazi ponena kuti chaka chino simungathe.

Ndikunena izi chifukwa pali msampha umene ambiri amagwamo. Amasankha chifukwa chosavuta kutchula, n'kubisa chenicheni. Inuyo mukangonena kuti Loweruka muli pa ntchito, azakhali akakauza komiti, amayi aja amakukondani, asuntha tsiku. Akuimbirani mosangalala kuti taika sabata yotsatira, tsopano mubwera. Mukati thiransipoti yavuta, wina anena kuti mwana wake ali ndi galimoto yochokera ku Blantyre, mukwere nawo. Chifukwa chilichonse chaching'ono chimene mungapereke, iwo achipezera mankhwala, ndipo mudzapezeka mukukananso kachiwiri, kachitatu, ulendo uliwonse movutirapo. Nkhani ya ndalama ija muitchule, mwaulemu koma momveka. Simukuyenera kuwawerengera malipiro anu kapena ngongole zanu. Kungoti udindo umenewu sindingausenze bwino chaka chino, mayi aliyense wa Chigwirizano amene analipirapo mwana sukulu amva.

Akuluakulu anati kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Mwambi umenewu ndimaukonda, koma ndimaona anthu akuupotoza. Ena amaumva ngati ukuti vomera pamaso, ukazembe pambuyo. Si zimenezo ayi. Wamkulu akakupatsa nsalu kuti uchape, suiponya pansi n'kunena kuti sindifuna. Umailandira ndi manja awiri, umapita nayo kumadzi, umachitapo kanthu kosonyeza kuti pempho lake waliyesa lolemera, kenako n'kubwera kudzafotokoza pamene walepherera. Kuviika kwanu inu ndi kuimba foni nokha, kuthokoza kochokera pansi pa mtima, ndi kangachepe kamene mungathe. Nsaluyo mukaibweza ili yonyowa, ndipo mwini wake adziwa kuti simunainyoze.

Uthenga ubwerere njira yomwe unadzera. Unabwera kudzera kwa azakhali, ndiye oyamba kumva akhale iwowo, asamve kwa wapampando kuti mwana wanu uja wakana. Ndipo muchite kuimba ndithu. Musalembe pa WhatsApp, musafulashe kuti iwo ndiwo aononge mayunitsi awo. Munthu wamkulu amafuna amve mawu anu. Yambani ndi moni monga mwa nthawi zonse, mufunse za kunyumba, za miyendo yawo ngati imawavuta, za kumunda. Musathamange, komanso musazungulire mpaka mayunitsi kutha nkhani isanatuluke. Kenako munene motere, kapena mofanana ndi motere m'mawu anuanu:

"Azakhali, choyamba pepani kuti ndakhala chete masiku onsewa. Ndinalakwa, ndimasowa poyambira. Kalata ija ndinalandira, ndipo ndathokoza kwambiri kuti amayi andikumbukira ine mwana wawo. Koma pa tsikulo sindibwera. Loweruka ndili pa ntchito, komanso ndangolipira kumene fizi ya ana, moti udindo wa mlendo wolemekezeka sindingausenze bwino chaka chino. Ndati ndinene panopa kuti mupeze wina nthawi ikadalipo. Ine nditumiza kangachepe kanga kwa asungichuma tsikulo lisanafike."

Taonani mawu akuti "sindibwera". Ayenera kukhalamo, ndipo amveke. Ife timakonda kukulunga nkhani, ndipo kukulungako n'kwabwino, ndi ulemu wathu. Koma ndamvapo anthu akukana mokoma kwambiri mwakuti womvera anaika foni pansi n'kukauza komiti kuti abwera. Mawu ngati "tiona", "ndiyesetsa", "ndikuuzani" ndi amene anasiya sofa ija yopanda munthu. Ngakhalenso akuti "Mulungu akalola". Amenewo ndi mawu a munthu amene akufunadi kubwera, wakonzeka, koma akudziwa kuti za mawa sizidziwika. Munthu amene watsimikiza kale kuti sapita asabisale kumbuyo kwa dzina la Mulungu, makamaka polankhula ndi amayi a mpingo amene awatenga mawuwo ngati lonjezo n'kuyamba kuwapempherera.

Musaname. Ndikudziwa kuti bodza limaoneka lofewa kuposa choonadi: mwana wadwala, kuntchito andituma ku Mzuzu, kwa apongozi kwagwa zovuta. Koma bodza la matenda limadzetsa nkhawa kwa okalamba amene amakukondani, ndipo mawa lake azakhali aimbanso kufunsa kuti wodwala uja wagona bwanji, inu n'kuwonjezera bodza lina. Masiku anonso dziko linachepa. Lamulungu lomwelo wina akujambulani muli kutchalitchi kwanu ku Blantyre, chithunzi chifika pa Facebook, mdzukulu wa wapampando n'kuwaonetsa agogo ake. Zikatero chimene chimaonongeka si tsiku limodzilo, ndi mawu anu onse a m'tsogolo.

Mukatha ndi azakhali, lembani kalata kwa komiti, poti iwonso anachita kukulemberani. Ikhale yaifupi. Mwachitsanzo:

"Kwa Amayi Wapampando ndi komiti yonse. Ndikupereka moni m'dzina la Ambuye. Ndalandira kalata yanu yondipempha kudzakhala mlendo wolemekezeka pa Paper Sunday ya mwezi wa Okutobala, ndipo ndathokoza chifukwa cha ulemu umene mwandipatsa. Ndikupepesa kuti sinditha kubwera, ndipo udindowu sindingaukwanitse chaka chino. Chonde pezani wina woti aime pamalopa. Ntchito ya nyumba ya abusa ndi yathu tonse, choncho nditumiza thandizo langa kudzera kwa asungichuma. Ambuye adalitse tsikulo."

Kalata imeneyi imawapeputsa azakhali anu. M'malo moti aime pamaso pa anzawo n'kumakufotokozerani, mlembi angowerenga mawu anu, ndipo aliyense amva kuti mwana uja wayankha mwaulemu. Mukhoza kuijambula n'kuitumiza pa foni ya mlembi, bola azakhali akhale atamva kale.

Pa za ndalamazo ndikhalepo pang'ono, chifukwa apa ndi pomwe anthu abwino amadzimangirira chingwe. Chifukwa cha manyazi okana, munthu amalonjeza zambiri kuti aphimbe: sindibwera, koma malata khumi ndigula ine. Lonjezolo limawerengedwa pamaso pa mpingo, anthu amaomba m'manja, amayi amaimba nthungululu, mlembi amalemba m'buku. Miyezi itatu ikadutsa, dzina lanu lili pa mndandanda wa osakwaniritsa malonjezo, ndipo amene akutumidwa kudzakukumbutsani ndi azakhali omwe aja. Ndaona mabuku otere m'matchalitchi ambiri, mayina a anthu olemekezeka ali mmenemo chaka ndi chaka. Inu tchulani ndalama imene muli nayo m'manja lero, ngakhale ikhale yogula lata limodzi kapena misomali yokha. Itumizeni tsikulo lisanafike, pa Airtel Money kapena Mpamba, mwachindunji kwa msungichuma, muwonjezerepo kochotsera kuti ifike yathunthu, ndipo muwauze azakhali kuti mwatumiza zingati. Musaidutsitse m'manja mwa achibale ambiri, pamabuka mikangano yosafunika. Ngati mukuona kuti ndi yochepa moti simukufuna ilengezedwe, nenani, komiti yabwino imamva zimenezo. Ngati mulibiretu, nenaninso choncho, osalonjeza kanthu. Kuthokoza ndi kuyankha msanga ndi kuviika kokwanira.

Mwina mukuganiza zotumiza nthumwi. Zimatheka, ndipo pa maukwati ndi misonkhano yambiri ndi njira yabwino. Koma pa mwambo wosonkhetsa ndalama samalani. Mukatuma mng'ono wanu kuti akakhale pa mpando wa mlendo wolemekezeka ndi envelopu yopepuka, mwamuika pamoto. Maso onse akhala pa iye, ndipo manyazi amene mumawathawa aja agwera iye. Ngati mukufuna wina akakuimireni, akapite ngati wonyamula moni ndi mphatso yanu, osati ngati mlendo wolemekezeka, ndipo mumulembere mawu ochepa oti akawerenge. Chimodzimodzinso komiti ikakufunsani kuti nanga mungatipezere ndani. Musapereke dzina ndi nambala ya mnzanu musanamufunse mwini wake. Ndi maubwenzi angati amene azizira chifukwa munthu analandira foni yoti uje watiuza kuti inu mutithandiza.

Konzekani kuti azakhali aumirira. Anena kuti amayi akhumudwa, kuti dzina lanu analengeza kale, mwinanso akukumbutsani kuti malemu amayi anu kapena agogo anu anali a Chigwirizano chomwecho. Mawu otere amalasa, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagonja n'kunena kuti chabwino ndiona. Musagonje, komanso musapse mtima. Kuumirira kwawoko ndi mbali ya ulemu, sangangovomera ulendo woyamba ngati kuti sanakufuneni kwenikweni. Amvetsereni mpaka amalize. Kenako bwerezani zomwe zija modekha: "Ndamva azakhali, ndipo zikundikhudza. Koma chaka chino sinditha." Musawonjezere zifukwa zatsopano. Ndipo musalonjeze chaka chamawa pongofuna kutseka nkhani, chifukwa amayi a komiti saiwala, kalata idzabweradi. Ngati mumtima mwanu mukufunadi kudzaima pa mpando umenewo tsiku lina, nenani kuti mudzawauza nokha mukadzakonzeka.

Za kunyada mwafunsazo, ndikuuzeni mmene anthu akumudzi amayezera. Sayang'ana tsiku limodzi. Amayang'ana ngati mumabwera pa maliro, ngati mukafika mumalowa kukhitchini kapena mumakhala m'galimoto, ngati mumapereka moni kwa okalamba mutagwada kapena muli chiimire. Munthu amene amaoneka pa zovuta akakana za chisangalalo, anthu amati watanganidwa. Amene saoneka konse ndiye amatchedwa wonyada, ngakhale atumize ndalama zochuluka bwanji. Pamenepa ndiyenera kunena kuti zonse ndalembazi ndi za miyambo yoitanidwa ndi kalata kapena khadi. Maliro ndi nkhani ina. Ku maliro sitiitanidwa, timangouzidwa, ndipo ngati ndi a pafupi, munthu amasiya zonse. Ukalephereratu umatumiza chipepeso msanga, n'kudzapita wekha kukakhuza ngakhale patapita milungu. Unkhoswe nawonso sukanidwa pa foni. Akakupemphani kuti muimire mwana wa m'banja mwanu ndipo pali chokulepheretsani, imeneyo ndi nkhani yokhalirana pansi ndi eni mbumba.

Poti ndinu mayi wapantchito, makalata otere azibwerabe, ena ochokera kutali ndi mpingo. Mudzapemphedwa kukalankhula pa bridal shower za kasamalidwe ka ndalama m'banja, kukalimbikitsa atsikana a Fomu 4 mayeso a MSCE asanayambe, kukakhala pa gome lapamwamba pa Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala. Miyezi ya chilimwe, anthu akakolola, Loweruka lililonse limakhala ndi makhadi awiri kapena atatu. Ndimaona amayi ena akuvomera onse, kuno akaonekere ola limodzi, uko akafike mochedwa, kwinako akapepese pa foni mwambo uli mkati. Mapanga awiri avumbwitsa. Woyendetsa mwambo amakhala akusinthasintha pulogalamu kudikira munthu amene ali pa ukwati wina ku Limbe. Sankhani kumodzi, kwinako mukane tsiku lomwe khadi lafika. Ndipo akakupemphani kulankhula pa mutu umene simukuudziwa bwino, monga za umoyo pomwe inu ntchito yanu ndi ya maakaunti, kukana n'kuwalemekeza omvera. Mungonena kuti mutu umenewu ukufunika namwino, ine ndingawasocheretse. Kwa anthu a kuofesi kapena a mabungwe, mizere itatu ya imelo ndi yokwanira, ndipo kumeneko simukuyenera kupereka chifukwa chilichonse ngati simukufuna. Kumudzi ndi kumene chifukwa chimafunika, poti amene akukuitananiwo ndi anthu amene anakuonani mukukwawa.

Chotsala ndi cha pambuyo pa mwambo, chimene ambiri amaiwala. Lolemba lotsatira Paper Sunday imeneyo, aimbireninso azakhali. Afunseni kuti zinayenda bwanji, kunabwera anthu angati, mlendo anali ndani, malata apezeka angati. Asiyeni akufotokozereni zonse, ngakhale za kwaya imene inaimba bwino ndi ya mphakati umene unaposa ina. Ndipo mukadzapita kumudzi pa Khirisimasi kapena nthawi ina iliyonse, Lamulungu mukalowe m'tchalitchimo, mukakhale pakati pa amayi anzanu. Mapemphero akatha mukawapeze amayi wapampando, muwagwire dzanja, muwathokoze pamaso chifukwa cha kalata ija, kenako muwapemphe akakuonetseni pomwe nyumba ya abusa yafika.